Makolo Ali Kumunda, Mwana Wadya Chiyani?

Mwezi wa Januwale, m'midzi yambiri ya ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Angónia, tsiku limayamba kusanayere. Mvula yagwa usiku wonse, udzu ukupikisana ndi chimanga, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti kuchedwa kupalira ndi kuitana njala ya chaka chamawa. Bambo atsogola, makasu ali paphewa. Mayi atsatira, atasiya mwana wa chaka ndi theka m'manja mwa mchemwali wake wa zaka 7.

"Mumphikamo muli mkute. Akalira umupatse, koma usamulole kuyandikira moto," atero mayi ali kale panjira.

Pamene makolo akubwerera, dzuwa litapendeka, mwana uja wadya kamodzi kokha, mbamu ziwiri za nsima yozizira. Mayi ayenera kutunga madzi, kuthyola ndiwo ndi kulimbana ndi nkhuni zonyowa. Nsima ikamapsa mdima wagwa ndipo mwana wagona. Akadzutsidwa, apisa dzanja m'mbale imodzi ndi akulu ake, amene manja awo ndi achangu kuposa ake.

M'banja limeneli mulibe waulesi, mulibenso wankhanza. Aliyense watha tsiku akuvutikira chakudya cha ana omwewo. Komabe mwezi wa Malichi, mwanayo akakwezedwa pasikelo, mzere wa m'buku lake la kuchipatala, umene unayenera kukwera, upezeka utagona kapena ukutsika.

Mavuto anayi m'nyengo imodzi

Akale anati walira mvula walira matope. Dzinja limabweretsa chiyembekezo cha zokolola, koma kwa mwana wosakwana zaka 2 ndi nyengo yovuta kwambiri, chifukwa zinthu zinayi zimakumana pamodzi. Choyamba, ntchito ya kumunda imafika pachimake: kubzala, kupalira, kuthira feteleza ndi kubandira zimatsatizana popanda mpumulo. Chachiwiri, m'nkhokwe zambiri mumatsala zitsononkho zokha, mtengo wa chimanga umakwera, ndipo makolo amasiya minda yawo kukagwira ganyu kuti apeze ufa wa tsikulo. Chachitatu, udzudzu umaswana m'zithaphwi ndipo malungo amachuluka. Chachinayi, madzi amvula amakokolola zonyansa za kutchire ndi za m'zimbudzi zogumuka n'kuzithira m'zitsime, motero matenda otsegula m'mimba amafala.

Chilichonse mwa zinayizi chimawonjezera mphamvu ya chinzake. Mwana wosadya mokwanira amadwala msanga, mwana wodwala amakana kudya, ndipo mayi amene ali kutali sangathe kumunyengerera. M'zaka zachilala monga 2024, pamene maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti maiko awo ali pangozi chifukwa cha El Niño, nyengo ya njala imayamba msanga ndi kutha mochedwa.

Mmera mpoyamba

Zotsatira zake zimaoneka pa msinkhu wa ana. Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2010 anapeza kuti ku Malawi ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, kutanthauza kuti anali aafupi kwambiri poyerekeza ndi zaka zawo. Mu 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 37. Ku Zambia chinali 40 mu 2013 ndi 2014, kenaka 35 mu 2018. Ku Mozambique chinali 43 mu 2011. Kutsika kwa ziwerengero ku Malawi ndi ku Zambia ndi umboni wakuti vutoli likhoza kugonjetsedwa, ngakhale kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse ndi chiwerengero chachikulube.

Kupinimbira kumabisala. Mwana wowonda kapena wotupikana amaoneka msanga, koma wopinimbira amathamanga ndi kusewera monga anzake, ndipo popeza ana ambiri m'mudzi ndi ofanana naye, anthu amati ndi msinkhu wa kumtundu kwawo. Chosaoneka ndi chakuti chimene chalepheretsa thupi kukula chimakhudzanso ubongo. Ana otere kawirikawiri amavutika m'kalasi, ndipo akakula amapeza zochepa.

Akatswiri amanena za masiku 1,000 oyambirira: masiku pafupifupi 270 a mimba ndi masiku 730 a zaka ziwiri zoyamba. Chimene chatayika m'masiku amenewa chimavuta kuchibwezeretsa. Mlimi safunika kuuzidwa zambiri pa mfundo imeneyi. Chimanga chimene chinapanikizidwa ndi udzu chisanafike m'bondo, ngakhale chithiridwe feteleza wochuluka chitamasula ngayaye, sichibereka monga chinzake chimene chinasamalidwa pachiyambi. Mmera mpoyamba. Mwana aliyense amadutsa m'madzinja awiri kapena atatu m'masiku 1,000 ake, ndipo mmene banja liyendetsera madzinja amenewo ndi mmenenso mwanayo adzakulire.

Mimba yaing'ono, chakudya pafupipafupi

Kuyambira mu 2001, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana ayamwitsidwe mwakathithi kwa miyezi 6, osapatsidwa madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, ndi kuti akayamba kudya apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV apitirize kumwa ma ARV mokhulupirika ndi kuyamwitsa motsatira uphungu wa kuchipatala.

Mimba ya mwana wa chaka chimodzi imadzaza ndi chakudya cha kapu imodzi, pafupifupi mamililita 250 mpaka 300. Munthu wamkulu akhoza kudya mitanda itatu ya nsima madzulo n'kulipira njala ya tsiku lonse, koma mwana alibe malo osungira. N'chifukwa chake wa miyezi 6 mpaka 8 ayenera kudya kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, kuwonjezera kachakudya kopepuka kamodzi kapena kawiri pakati.

Popeza malo ndi ochepa, chilichonse cholowamo chiyenera kukhala chaphindu. Phala lamadzimadzi la ufa woyera limadzaza mimba ndi madzi. Phala labwino ndi lolimbirako, limene silitayika msanga supuni ikapendeketsedwa. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, chifukwa kukonola ndi kuviika kumachotsa mbali ina ya zofunika m'thupi. M'phalamo muthiridwe nsinjiro, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, dzira, ufa wa usipa kapena wa bonya, kapenanso masamba osinja a nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Ufa wonga wa Likuni Phala, limene dzina lake linachokera ku Likuni kufupi ndi Lilongwe, ukhoza kukonzedwa pakhomo: makapu 4 a chimanga ndi kapu imodzi ya soya wokazinga bwino, kugayitsa pamodzi. Soya wosakazinga amavuta kugayika m'mimba. Mtedza ndi chimanga zachuku zisalowe m'chakudya cha mwana, pakuti chuku chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo poizoniyo satha ndi kuphika.

Ku Malawi alangizi amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Dzinja, ngakhale ndi nyengo ya njala, lili ndi zake zaulere: masamba amera paliponse, mango apsa, ngumbi zatuluka. Mbatata yofiira m'kati, monga ya mtundu wa Zondeni, ili ndi vitamini A wambiri. Ntchito yofalitsa mbatata imeneyi, imene mbali yaikulu inachitikira ku Mozambique, inachititsa kuti Maria Andrade ndi anzake alandire mphotho ya World Food Prize mu 2016.

Pali chinthu chimodzi chosalira ndalama: mbale ya mwana payekha. Mwana akadyera m'mbale yakeyake, womudyetsa amaona kuchuluka kwa zimene wadya, ndipo akayamba kusiya chakudya, chizindikiro choyamba cha matenda chimaoneka tsiku lomwelo.

Wotsala ndi mwana ndani?

Kudziwa zoyenera kudya ndi theka chabe la nkhani. Funso lalikulu la dzinja ndi lakuti ndani adzaphika ndi kudyetsa pamene makolo ali kumunda. Chakudya chophika chikakhala maola opitirira awiri pamalo otentha chimayamba kuswa tizilombo, ndipo chiyenera kutenthetsedwanso mpaka kutuluka nthunzi. Ntchito imeneyo ndi ya pamoto, yosayenera mlezi wa zaka 7. Mleziyo naye ndi mwana, ndipo mwezi wa Januwale malo ake ndi kusukulu. Mtsikana amene amajomba sabata ndi sabata kuti alere mng'ono wake ndiye amene amadzasiya sukulu msanga.

Ngozi zake si za njala zokha. Mwana woyamba kuyenda akhoza kumira m'madzi ochepa kwambiri, a m'ndowa kapena m'dzenje loumbira njerwa. Feteleza, mankhwala ophera tizilombo ndi palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zimakhala pafupi m'nyengo imeneyi, ndipo mwana sadziwa kusiyanitsa. Zonsezi ziikidwe pamwamba, posafikira mwana.

Mabanja ena apeza njira. Mwana wosakwana miyezi 6 amapita ndi amake kumunda, kumene kachisakasa ka udzu kamamuteteza ku dzuwa ndi mvula, ndipo mayi amaima kuyamwitsa nthawi iliyonse mwana akafuna. Wokulirapo amadya phala lotentha makolo asananyamuke, ndipo amasiyiridwa zinthu zosawonongeka msanga monga nthochi, mango ndi mbatata yootcha yosasenda. Mabanja anayi kapena asanu oyandikana akhoza kuchita monga amachitira pa chipereganyu: tsiku lililonse munthu wamkulu mmodzi amatsala ndi ana onse, banja lililonse limapereka kapu ya ufa, ndipo anzake amamupalirirako mizere yake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana a zaka 3 mpaka 5 apite ku sukulu yamkombaphala, ndipo makomiti a sukuluzi ayesetse kuti zisatsekedwe m'dzinja, pakuti ndi nthawi imene zimafunika koposa.

Gawo la bambo

"Bambo a ana, mundisiyire dzira limodzi la mwanayu."

"Mayi, mazira amenewa ndiwo sopo ndi mchere wa sabata ino."

Makambirano otere amamveka m'makomo ambiri, ndipo onse awiri akunena zoona. Komabe mwana akadwala ndi kugonekedwa m'chipatala, banja limataya ndalama zoyendera, chakudya cha womudikirira, ndi masiku opalira amene sabwereranso. Mtengo wa dzira ndi wochepa poyerekeza ndi zimenezo. M'mabanja ambiri bambo ndiwo amasunga ndalama za ganyu ndi kulamula zogulitsa, motero uphungu wa kadyedwe ukaperekedwa kwa amayi okha kusikelo, umafika kwa munthu amene alibe mphamvu pa thumba.

Zimenezi zinaoneka bwino m'dera la chipatala cha Ekwendeni m'boma la Mzimba. Kuyambira mu 2000, alimi a kumeneko, mogwirizana ndi ofufuza, anayamba kubzala nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza kapena mosinthana ndi chimanga pofuna kubwezeretsa chonde m'nthaka. Posakhalitsa anazindikira kuti kukolola mbewu zimenezi pakokha sikukwanira, chifukwa zikhoza kugulitsidwa zonse mwana osalawako. Anayamba kusonkhanitsa abambo, amayi ndi agogo kuti akambirane za kadyetsedwe ka ana ndi kagawidwe ka ntchito zapakhomo, ndiponso kuphikira pamodzi. Patapita zaka, ana a m'midzi imene inatenga mbali kwa nthawi yaitali anapezeka kuti akukula bwino kuposa kale.

Bambo amene amaliza mzere wa mkazi wake kuti iye akayamwitse, amene apita kumjigo pa njinga, kapena amene akhazika mwana pamwendo ndi kumudyetsa mayi akuphika, sanachepetse ulemu wake. Wawonjezera maola a mayi, ndipo maola amenewo amasanduka chakudya m'mimba mwa mwana.

Mawu a agogo

Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa nkhani ya ana, mawu a agogo amalemera kuposa a mlangizi wobwera pa njinga. Mayi wachitsikana sangatsutse apongozi ake pamaso. Choncho mlangizi wanzeru amayamba kupereka moni kwa agogo, nawafunsa mmene ankalerera ana pa nthawi yawo. Zambiri zimene amadziwa ndi chuma: kufutsa masamba, kuphika futali, kuzindikira zipatso zakutchire, kutonthoza mwana.

Pali zikhulupiriro ziwiri zofunika kuzikambirana modekha. Choyamba ndi cha kutumbiza. Mayi akaima mwana wina akadali kubere, ambiri amati mkaka wawonongeka, ndipo mwanayo amaletsedwa kuyamwa tsiku limodzi, mwinanso kutumizidwa kwa agogo. Zoona zake n'zakuti mkaka wa mayi woyembekezera suwononga mwana. Chimene chimamudwalitsa ndi kutaya bere ndi amake mwadzidzidzi, chakudya cholowa m'malo palibe. Mayiyo akhoza kupitiriza kuyamwitsa, iye mwini akudya mokwanira. Bungwe la WHO limalangizanso kuti papite miyezi yosachepera 24 mwana atabadwa mayi asanatengenso pathupi, ndipo iyi ndi nkhani ya bambo ndi mayi pamodzi.

Chachiwiri ndi cha tsempho. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lake likafiira ndi kupyapyala, banja limayamba kufufuza amene walakwira mwambo. Pamene akuluakulu akuzenga mlandu, mwana akufooka. Kutupa kwa mapazi onse awiri ndi chizindikiro cha kunyentchera koopsa, ndipo kuchipatala kuli chithandizo, kuphatikizapo chiponde cha ana onyentchera. Banja likhoza kukambirana za mwambo pambuyo pake, koma mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Aliyense wotsala ndi mwana adziwe zizindikiro izi: kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, kulefuka kosadzutsika, magazi m'chimbudzi, kulowa kwa nthiti popuma, ndi kupuma mothamanga. Kupuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, kumasonyeza chibayo. Mwana wotentha thupi ayezedwe malungo pasanathe maola 24. Ku Malawi, kuyambira mu 2008, alangizi a zaumoyo a m'madera akutali amayendetsa zipatala za m'midzi zothandiza ana odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba, ndipo ku Mozambique ntchito yofanana nayo imagwiridwa ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi.

Mwana akatsegula m'mimba apatsidwe ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, pamodzi ndi mankhwala a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, monga analangizira mabungwe a WHO ndi UNICEF mu 2004. Asaleke kuyamwa kapena kudya. Akachira, awonjezeredwe chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri kuti abweze zimene anataya.

Kupewa kuli m'zinthu zodziwika kale: neti usiku uliwonse, madzi owiritsa kapena othira kolorini, mpondagiya wokhala ndi sopo pafupi ndi chimbudzi, ndi kutaya chimbudzi cha mwana m'chimbudzi osati kuseri kwa nyumba. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2011, wa kutsegula m'mimba kwa rota mu 2012, ndipo mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera kusikelo. Katemerayu amachepetsa malungo oopsa koma salowa m'malo mwa neti. Tsiku la sikelo likagwa pakati pa kupalira, munda udikire.

Kulankhula ndi kusewera

Mwana sakula ndi phala lokha. M'zaka za 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, ofufuza anayamba kutsatira ana opinimbira a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa ndi mlangizi kamodzi pa sabata kwa zaka 2, ndipo mlangiziyo ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa pakhomo. Patapita zaka 20, amene anayenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuposa anzawo amene sanayenderedwe.

Zimenezi sizifuna sitolo. Mayi wobereka mwana kumbuyo akhoza kumutchulira mayina a zimene akuona panjira: mbuzi, mtengo, mtsinje. Bambo akhoza kumuumbira ng'ombe yadongo. Zitsononkho, zikho ndi timiyala m'botolo lotsekedwa bwino ndi zidole zokwanira. Nthano za agogo madzulo ndi sukulu yoyamba ya chinenero. Mwana wa zaka 2 akataya phala kapena kukana kudya sakuchita chipongwe, akuphunzira kugwiritsa ntchito manja ndi kufuna kwake. Kumukalipira ndi kumukakamiza kumamudanitsa ndi mbale, pamene kumuyang'ana m'maso, kumuyamikira ndi kudikira pang'ono kumamudyetsa zambiri.

Kwa alangizi ndi atsogoleri a m'midzi

Mlangizi wofika m'mudzi nthawi ya 9 koloko m'mawa mwezi wa Januwale adzapeza ana ndi nkhuku zokha. Maulendo a dzinja achitike madzulo kapena Lamlungu masana, pamene bambo ndi mayi onse ali pakhomo. M'malo mofunsa ngati mwana amadya bwino, funso limene aliyense amayankha kuti inde, afunse kuti dzulo mwana anadya kangati, anadya chiyani, ndipo anamudyetsa ndani. Mayankho ake amaonetsa pamene pali mpata.

Njira ya ma care group, imene inayambira m'chigawo cha Gaza ku Mozambique mu 1995 ndi bungwe la World Relief ndipo inafalikira m'maiko ambiri kuphatikizapo Malawi, imapatsa wodzipereka mmodzi makomo 10 mpaka 15 oyandikana naye. Gulu lotere ndi malo abwino opanganirapo zosinthana kusamala ana, ndipo mafumu akhoza kuthandiza poitanira abambo ku misonkhano yake.

Koma dzinja la mwana limakonzedwa nthawi ya masika. Mavenda akafika ndi masikelo awo mwezi wa Meyi ndi Juni, banja liyambe lapatula ndowa ya mtedza ndi ya soya, zouma bwino, n'kuzisunga padera monga lisungira mbewu. Mfutso uyanikidwe masamba akadali ambiri. Mbewu ya mbatata yofiira isungidwe kudimba, ndipo nkhuku zilandire katemera wa chitopa chilimwe chisanafike. Palibe mlimi amene amagulitsa mbewu yake yonse chifukwa chakuti mtengo wakwera, pakuti amadziwa kuti Novembala adzafika. Ndowa ya mwana iwerengedwe chimodzimodzi, kuti Januwale akadzabweranso, makolo ponyamula makasu adziwe chimene mwana adzadya, nthawi imene adzadye, ndi munthu wamkulu amene adzamudyetse.